Kodi "mdima wa ndiweyani" ndi uti kwenikweni?

Nachisale: Abale, ndithandizeni. Ndikulemba kankhani, ndiye pena ndanena kuti mtsikana ankachokera kudimba dzuwa litangolowa, kuli mdima wa ndiweyani. Azakhali atawerenga akuti iyayi, chimenecho ndi chisisira, ndiweyani ndi wa usiku weniweni. Zoona?

Mbewe wa ku Dedza: Azakhali anuwo aphonya pang'ono. Kuti ufunse kuti "ndiwe yani?" ndiye kuti munthuyo wamuona, koma nkhope yake sikudziwika. Kukada bii ungafunse ndani poti sukuona kanthu?

Make Tadala: Mwandikumbutsa agogo anga ku Ntcheu. Nkhuku zikayamba kulowa m'khola ankakuwa ali pakhonde, "Ana inu, chisisira chagwa, mbuzi zija zili kuti?" Nthawi imeneyo munthu umamuzindikira ndi kayendedwe ngakhale ali patali. Ndiweyani ankamutchula m'dzinja, mwezi kulibe, mitambo yaphimba nyenyezi, chimanga chatalika uku ndi uku m'njira. Popita kuchimbudzi tinkasolola chikuni pamoto n'kumachigwedeza kuti tione poponda.

Mbewe wa ku Dedza: Mayi, chikunicho ndiye chikundivomereza. Kuwala pang'ono kulipo, mwaona chithunzithunzi cha munthu, mwafunsa.

Chisale Jnr: Ayi bambo Mbewe, umafunsa chifukwa wamva mapazi, kapena mwagundana kumene. Maso alibe ntchito pamenepo. Paja akulu anati mdima wa dzinja udakwatitsa mkazi wonyansa. Ukanakhala wa chisisira bwenzi mkuluyo atamuona.

NaPhiri wa ku Chipata: Kwathu kuno ambuya ankati kachisisira, makamaka akamatiletsa kukatunga madzi mochedwa. Ndawasowa bwanji, ankanena uku akukoleza koloboyi, utsi wa parafini uli m'mphuno.

Nachisale: Zikomo nonse. Nanga kuwala kofooka kwa koloboyiyo ndilembe bwanji? Ndinaganiza zoti chizimezime.

Make Tadala: Chizimezime ndi momwe iwe ukuonera, mwanawe. "Ndinamuona mwa chizimezime." Nyaliyo ingonena kuti inkangoti phethiphethi.

Mbewe wa ku Dedza: Eya, kuona munthu mwa chizimezime, ndiye ndiweyani ameneyo. Ndakhala ndikunena.

Chisale Jnr: Bambo Mbewe simugonja inu.

Mphunzitsi wopuma: Ine chikundiwawa n'china. Ana a masiku ano chisisira sachidziwa n'komwe, m'bandakucha amangoti mamawa, basi. Mdzukulu wanga magetsi akazima amati kwachita blakauti, foni m'manja, tochi yayaka kale. Ndinamufunsa kuti nthanda n'chiyani, anayesa ndi matenda.

NaPhiri wa ku Chipata: Kkkk aphunzitsi, wanga amati ndikamayankhula Chinyanja cha kumudzi ndimamuchititsa manyazi kwa anzake.

Mbewe wa ku Dedza: Anawo asiyeni kaye. Nachisale, musafufute chiganizocho. Ndikupita kumudzi Loweruka, ndikafunsa amalume, ndipo ndikudziwa kale chimene akanene.