Mwana akufuna ndege ya rimoti, ndigule iti?

Bambo a Tadala, Leeds: Abale pepani, lero si nkhani ya mashifiti. Mnyamata wanga akwanitsa zaka 12 mwezi wamawa ndipo wandikakamira kuti akufuna ndege ya rimoti. Ndaona Spitfire pa intaneti, yokongola zedi. Ndigule?

Achimwene a ku Coventry: Bwezerani khadi m'thumba kaye, bambo. Ine ndinayambira yankhondo ngati imeneyo. Inanyamuka bwinobwino, koma itatembenuka kuti izibwera kwa ine mutu unazungulira, kumanja kwasanduka kumanzere. Kuphethira kamodzi, phwaa! Ndinatolera zidutswa m'jumbo, agogo ena oyendetsa galu akundiyang'ana mwachisoni. Zoterozo mapiko ake ali m'munsi, zimathamanga ndipo sizikhululuka. Woyamba kumene agule ya mapiko apamwamba, ya foam. Imauluka mofatsa, ukasiya timitengo imayesa kudziwongola yokha, ikathyoka umamata ndi guluu. Yang'anani AeroScout ya HobbyZone, mapiko ake ndi mita 1.1. Propela yake ili kumbuyo kwa mapiko, ndiye ikagwa chamutu propelayo sithyoka.

Amalume a ku Joni: Aphwanga, ndege muiganizire pambuyo, yambani ndi rimoti. Ndege zimatha, rimoti mukhala nayo zaka. Werengani zilembo za pa bokosi. RTF ndiye kuti rimoti ilimo, koma onetsetsani ngati batire ndi chaja zilimonso. BNF mulibe rimoti, ndipo imafuna yolankhula chilankhulo cha marimoti a Spektrum. PNP mulibe ngakhale risiva, kachipangizo ka m'ndege kolandira mauthenga a rimoti. Zonse zikhoza kukhala za 2.4GHz koma osamvana, ngati Mchewa ndi Mzulu pa renki. Ine ndili ndi RadioMaster ya 4-in-1, imamva zilankhulo zingapo, koma kuitchera kwake kumafuna mtima wautali. Ngati thumba lapepuka, FlySky FS-i6 ndi risiva yake zimagwira ntchito.

Bambo a Tadala, Leeds: Amalume mwandipulumutsa. Yomwe ndimati ndigule ija yalembedwa BNF, ine ndimvekere eee yotchipa bwanji!

Achimwene a ku Coventry: Kutchipa kwake n'komweko 😂 Chinanso, rimoti ikhale Mode 2, kutanthauza kuti kamtengo kopatsira moto injini kali ku dzanja lamanzere. Koma musanalipire funsani kalabu ya oulutsa ndege zotere ya kufupi ndi kwanu kuti aphunzitsi awo amagwiritsa iti. Amalumikiza rimoti yawo ndi yanu, mwana akasokoneza iwo amalanda ndege ili m'mwamba. Ndikadadziwa zimenezi poyamba paja sindikadanyamula jumbo.

Mayi a Chisomo, Manchester: Inu azibambo mwathamangira zoseweretsa, malamulo mwawasiya. Kuno si kwathu kumene mwana amapanga galimoto yamawaya n'kumayendetsa paliponse. Ndege ngati imeneyi imafuna kulembetsa ku CAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno ku UK. Operator ID, ya mwini ndege, mutenga inu bambo chifukwa imafuna munthu wa zaka 18, mumalipira chaka ndi chaka, nambala yake mumamata pa ndege. Flyer ID ndi ya woulutsa, mayeso a pa intaneti mafunso 40, ndipo mwana wosakwana zaka 13 amalemba kholo lili pomwepo. Osapitirira mamita 120 m'mwamba, komanso inu muli ndi bwalo la ndege la Leeds Bradford pafupi, musayandikireko. Ife a viza ya ntchito nkhani ndi apolisi sitiifuna. Lowaninso BMFA, bungwe la oulutsa ndege za rimoti, umembala wake uli ndi inshuwalansi, ndege ikagwera galimoto ya munthu musalire nokha.

Bambo a Tadala, Leeds: Zikomo mayi. Nanga mu Disembala tikamapita kumudzi tinganyamule?

Amalume a ku Joni: Mapiko amachoka, koma mabatire ake, otchedwa LiPo, asalowe m'sutikesi yapansi. Akhale m'chikwama cha m'manja, mawaya mwakulunga ndi tepi. Ngakhale m'nyumba momwemo, osawasiya pa chaja inu mwapita ku naiti, amayaka moto amenewo. Mukamawasunga nthawi yaitali selo iliyonse ikhale pa 3.8V, osati yodzadza.

Achimwene a ku Coventry: Pakadali pano muikireni PicaSim pa kompyuta, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege, ndi yaulere. Agwetse zana pamenepo kaye.

Bambo a Tadala, Leeds: Ndiyamba ndine usiku uno ndikaweruka. Mwanayo musamuuze.