Kamkuyu kanga ka bonsai kawauka ndi chisanu: ndikadule kapena ndidikire?

Mayi wa ku Makeni, mumzinda wa Lusaka:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayamba kale kusamala timitengo ta bonsai, timene timadzalidwa m'timbale ndi kumadulidwa kuti tisakule. Ndili ndi kamkuyu kamene ndakhala ndikukaumba kwa zaka zinayi, ndipo usiku wina sabata yatha ndinakaiwala pakapinga, kumunsi kwa munda. Kutacha ndinapeza masamba akunsonga atada ndi kulendewera ngati athiridwa madzi otentha. Ndaonanso tizilombo toyera ngati thonje m'mphanda za nthambi, nyerere zili piringupiringu pathunthu. Kodi ndidule nthambi zowaukazo, nanga feteleza angakathandize?

Bambo wa ku Chelstone:
Musafulumire kudula, mayi, pakuti Julayi sanathe ndipo masamba oumawo akutchinjiriza timphukira tili pansi pake. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mukaona zobiriwira ndiye kuti nthambiyo ikadali moyo, ndipo pofika Seputembala idzaonetsa yokha pamene pakuyenera kudulidwa. Feteleza musathire, chifukwa mizu yozizidwa siingamugwiritse ntchito ndipo akhoza kuiwotcha.

Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, choncho usiku wopanda mitambo nthaka imataya kutentha msanga, ndipo mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatsetserekera kumalo otsika ngati kumene munasiya mtengowo. Kambale ka bonsai nakonso ndi kosaya, kotero mizu ilibe pobisala. Kaikeni pakhonde, pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto limene limawombedwa ndi dzuwa masana, ndipo usiku muzikafunditsa chitenje chakale, osati pulasitiki yokhudza masamba.

Mayi wa ku Chilenje:
Tizilomboto timayamwa madzi a mtengo ndi kutulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimatsatira, ndipo nyererezo zimateteza tizilomboto kwa adani ake. Ine ndimatichotsa kamodzikamodzi ndi kathonje koviika mu spiriti, kenako ndimapopera madzi osakaniza ndi sopo pang'ono sabata iliyonse mpaka titatha. Muzipopera m'mawa kuti masamba aume dzuwa lisanalowe.

Bambo wa ku Lilayi:
Pa za madzi ndiye muchenjere kwambiri. Wanga unali mlambe, ndipo utayoyola masamba monga umachitira nyengo yozizira, ndinaumvera chisoni ndi kumauthirira tsiku ndi tsiku. Pofika Ogasiti tsinde linali litafewa ngati mbatata yowola. Mkuyu sufuna kuumitsidwa ngati mlambe, komabe wopanda masamba umamwa pang'ono, choncho pisani chala m'dothi musanathirire.