MGB ya 1969 yomwe yakhala zaka osayenda: ndiyambe injini kapena bodi?

Kadzidzi69

Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Mu galaja ya pakhomo muli galimoto yakale ya ku Britain, MGB roadster ya 1969, injini ya 1798cc, makabureta awiri a SU HS4, mawilo a masipoko. Yakhala zaka zambiri osalizidwa. Injini sinagwire, ukaika sipanala pa pule imazungulira, koma molimba. Pansi pa zitseko zonse ziwiri penti yatuluka matuza, ndipo chitseko cha dalaivala chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke. Pedulo ya buleki imangopita mpaka pansi. Zida zilipo ndi jeke, ma stand anayi, kompuresa yaing'ono ndi makina owotcherera a ndodo. Ndalama sizingakwane kuchita zonse pakamodzi. Ndiyambe chiyani, nanga makina a ndodowa angagwire ntchito pa bodi?

MalumeWotcherera

Achimwene, chitseko chomwe mukuchinyamulacho chayankha kale funso lanu. MGB ilibe chasisi chapadera choti bodi nkukhala pamwamba pake. Bodi yomweyo ndiye chasisi, ndipo poti roadster ilibe denga lachitsulo, chomwe chimagwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti galimoto isapindike pakati ndi ma sill, zitsulo zazitali zija za pansi pa zitseko. Zikaola, galimoto imafwamphuka pakati, mpata wa chitseko nkuyamba kusintha.

Yesani izi musanagule kanthu. Yezani mpata pakati pa chitseko ndi bodi, kumwamba ndi kumunsi, galimoto ili pa matayala ake. Kenako ikwezeni pang'ono ndi jeke kumbuyo, muyezenso. Mpata ukasintha, ma sill atha. Musakhulupirire penti. Yendetsani maginito m'mbali monse: pomwe sakugwira pali filler, phala lomatira bodi, osati chitsulo. Bayani ndi sukuludiraiva pansi, makamaka pomwe pamalowa jeke ya galimotoyo.

Chomwe mukuona kunja ndi chikopa chabe. Mkati muli chitsulo choima chilili chomwe amati membrane, kuseri kwake kuli sill ya mkati, ndipo pansi pali castle rail yomwe imalumikiza zonsezo ndi floor. Dzimbiri limayambira mkati kupita kunja, choncho matuza akaoneka pa penti ndiye kuti membrane inadyeka kale. Kumata chigamba pamwamba kumangobisa vuto, mphamvu sikubwera.

Kagwiridwe kake ndi aka. Chotsani mabatire awiri a 6V aja kuseri kwa mipando, mipando, makapeti ndi thanki ya petulo. Onani pomwe padutsa mapaipi a petulo ndi a buleki komanso waya wamkulu wa batire pansi pa floor, muwasunthe. Ikani galimoto pa ma stand pamalo osalala, muyeze ndi level kuti yakhala mofanana. Musanadule chilichonse, wotchererani chitsulo cha sikweya cha mamilimita 25 chopingasa pa khomo la chitseko, chakumkati, ndi china chodutsa kuchoka mbali ino kupita inayo. Zitseko zisiyeni pa mahinjesi ake, mapini a mahinjesi akhale osagwedera, chifukwa chitseko ndicho muyezo wanu. Chitani mbali imodzi mpaka ithe, inayo ikhale yoonera.

Sill ya kunja simathera pomwe maso akuonera. Imalowa pansi pa madigadi ya kutsogolo ndiponso kuseri kwa chigawo cha m'munsi cha madigadi ya kumbuyo. Ya kutsogolo ndi ya mabawuti, imasuleni. Ya kumbuyo ndi yowotcherera, mudula kachigawo ka m'munsiko nkudzabwezeretsa katsopano. Ma spot weld akale abooleni ndi kabiti ka mamilimita 8, osang'amba ndi chizulo, mungapinde milomo yomwe mudzawotchererapo. Zitsulo zatsopano zigwireni kaye ndi ma clamp ndi timasukulu, mutseke chitseko, muone mpata, kenako muwotcherere. Boolani mabowo motalikirana mamilimita 25 mpaka 30 nkumadzaza lililonse, modumphadumpha kuti kutentha kusaunjikane pamalo amodzi.

Za makina a ndodo, ayi. Chitsulo cha bodi nchopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndodo imangoboola. Pezani makina owotcherera a MIG ya gasi, waya wa mamilimita 0.6. Gasi wa oxy-acetylene amatha kuwotcherera koma amapinda mapanelo, ndipo kumata ndi brass pa sill sikololedwa konse, ndi malo onyamula katundu. Pa milomo yokumana pakani weld-through primer ya zinc, ndipo ntchito ikatha popererani cavity wax, phula loteteza dzimbiri, mkati kudzera m'mabowo otulutsira madzi. Mabowo amenewo asatsekeke ndi penti.

Madigadi ikachoka yang'ananinso pamwamba pa inner wing pomwe matope amakhazikika, pomwe masipiringi a kumbuyo amamangirira, mabokosi a mabatire ndi floor ya buti. Mapanelo onsewa akupangidwabe. British Motor Heritage ku England imagwiritsa ntchito zikombole zoyambirira, ndipo kuyambira 1988 imapanganso bodi yathunthu. Mapanelo otchipa nthawi zambiri samakhala bwino, mumataya masiku kuwawongola.

SipanalaWaZomba

Malume anena zoona, ndalama zoyamba zipite ku ma sill. Koma musanaphwasule galimoto, perekani masiku ochepa ku injini, osati kuikonza koma kuidziwa. Mukapeza kuti block inang'aluka bodi mutaimaliza kale, bajeti yonse yasokonekera.

Musaike batire nkungotembenuza kiyi. Chotsani mapulagi, thirani oyilo wopepuka kapena ATF (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki), mamililita 20 mu silinda iliyonse, musiye masiku atatu kapena anayi. Chotsani rocker cover, muzungulitse ndi dzanja pa bawuti ya pule, sipanala yake ndi 1 5/16 AF, mukuyang'ana mavavu onse asanu ndi atatu. Vavu yomata mu gayidi ikakankhidwa ndi stata imapinda pushrod. Ikapezeka, ithireni oyilo, muigogode mopepuka mpaka iyambe kubwerera yokha. Galimotoyi ndi ya mabawuti a mainchesi, UNF. Masipanala a 7/16, 1/2 ndi 9/16 AF ndiwo agwire ntchito yambiri, a mamilimita amadya mitu ya mabawuti.

Khuthulani oyilo wakale, sinthani fyuluta, thirani 20W-50, malita anayi ndi pang'ono. Mapulagi asanabwerere zungulitsani ndi stata mpaka geji ya oyilo inyamuke. Ikapanda kunyamuka musapitirire, pampu yauma. Injini yabwino ikatentha imaonetsa psi 50 mpaka 80 poyenda, ndipo 10 mpaka 25 pa idling. Mpata wa mavavu muuike 0.015 ya inchi injini ili yozizira, kenako yezani compression. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Awiri oyandikana akatsika limodzi, ganizirani gasiketi. Mutu wa injini imeneyi umakonda kung'aluka pakati pa silinda 2 ndi 3, chakumbali ya mapulagi, yang'anani ngati pali kamzere ka dzimbiri kapena madzi. Manati a mutu amamangidwa 45 mpaka 50 lb ft, kuyambira pakati kupita kunja.

Moto: mpata wa mapointi 0.015 ya inchi, wa mapulagi a Champion N9Y kapena ofanana nawo 0.025 ya inchi, dongosolo 1-3-4-2, taimingi yoyambira madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Kondensa ndi rota zatsopano zosadziwika bwino zimavuta kuposa zakale, musataye zakalezo.

Petulo musamutenge m'thanki yakale. Gwiritsani kachigubu koyera pambali, chozimitsira moto chili pafupi. Thanki ya MGB imaola pamwamba pomwe yagundana ndi floor ya buti, simungaone isanatsike. Pampu ya SU ndi ya magetsi ndipo ili ndi mapointi akeake, ikakhalitsa amachita dzimbiri nkusiya kugogoda, apukuteni ndi sandipepa yosalala. Pa makabureta, nyamulani pisitoni iliyonse ndi chala nkuisiya, igwe ndi kaphokoso koti kha. Ikakakamira, jet sili pakati kapena singano yapindika. Kwezani nati ya jet mpaka pamwamba, muitsitse maulendo awiri athunthu, poyambira ndi pamenepo. Gwedezani shafti ya throttle: ikasewera imayamwa mpweya, ndipo idling singakhazikike ngakhale mutasintha chiyani.

Chinanso, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Mapaipi akale a rabala amafewa nkuyamba kudontha, ndipo pa injini iyi makabureta ali pamwamba penipeni pa ekizozi. Ikani paipi yolembedwa SAE J30 R9, ndipo heat shield ya pakati pa makabureta ndi manifold isachoke. Petulo wa lead kulibenso, choncho tsiku lomwe mutu udzatsike, aikeni ma seat olimba pa mavavu a ekizozi.

Madzi: tsegulani kampopi ka pa block. Pakapanda kutuluka kanthu, matope a dzimbiri adzaza kuzungulira silinda 4, ndipo injini idzatentha ngakhale redieta ili yatsopano. Chotsani ma core plug, mutsuke ndi waya ndi madzi amphamvu. Kotentha ngati kuno thermostat ya madigiri 74 imathandiza, koma osayenda popanda thermostat.

Nachisale_Auto

Ndiwonjezere za mabuleki ndi mawaya, chifukwa ndi zomwe zimavulaza anthu ndi kuwotcha magalaja.

MGB ya chaka chimenecho, kupatula zopangidwira ku America, ili ndi dera limodzi la mabuleki. Paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anayi alibe buleki. Choncho palibe zosankha: master cylinder, ma caliper a kutsogolo, masilinda a kumbuyo, mapaipi atatu a rabala, zonse zikonzedwe kapena zisinthidwe, ndipo mapaipi achitsulo omwe achita dzimbiri achoke. Paipi ya rabala yakale imatupa mkati kunja ikuoneka bwino, buleki nkumagwira osasiya. Mafuta ndi DOT 4. Klatchi nayo ndi ya mafuta, slave cylinder ndi paipi yake zisinthidwe limodzi. Ikakhalitsa, puleti imamata ku flywheel. Kusintha klatchi kumafuna kutulutsa injini, ndiye mukadzaitulutsa sinthani puleti, cover ndi release bearing ya carbon nthawi imodzi, pamodzi ndi oil seal ya kumbuyo. Giyabokosi imamwa oyilo wa injini yemweyo, 20W-50, pomwe difu imamwa EP90.

Kutsogolo kuli ma kingpin ofuna girisi. Kwezani wilo, muligwire pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Mashokapu ake ndi a mkono, ndipo mkonowo ndiwo wishbone ya pamwamba, akamadontha galimoto imayendayenda pamsewu. Sipiringi ya kutsogolo musaimasule popanda jeke pansi pa spring pan ndi kulemera kwa injini pamwamba.

Pa mawilo a masipoko, manati apakati a kumanja ali ndi ulusi wa kumanzere, a kumanzere ulusi wa masiku onse. Mukasinthanitsa ma hub wilo limadzimasula lokha poyenda. Mano a spline akhale ndi nsonga zaphwatalala, akasongoka atha. Mawilowa amafuna machubu, ndipo matayala akale atayeni ngakhale mapanga ali bwino.

Mawaya a Lucas, kampani yomwe inapanga zamagetsi za galimotoyi, amawerengeka ndi mitundu. Wa bulauni uli ndi moto nthawi zonse ndipo ulibe fyuzi, woyera umayaka ndi kiyi ndipo ulibenso fyuzi, wobiriwira ndi wa kiyi wodutsa pa fyuzi, wapepo ndi wa nthawi zonse wodutsa pa fyuzi, wakuda ndi earth. Wa bulauni ukakhudza bodi, waya wonse umapsa. Ya 1969 ndi negative earth, zoyambirira mpaka chakumapeto kwa 1967 zinali positive, onetsetsani musanalumikize. Mafyuzi olembedwa 35A a Lucas amanyamula ma amp 17 mosalekeza, mukaika fyuzi yamakono ya 35A mawaya adzapsa fyuziyo ili bwinobwino. Lamba wa earth wa pakati pa injini ndi bodi akaduka, moto wa stata umadutsa mu chingwe cha choke kapena cha accelerator nkuchitentha.

Kadzidzi69

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa za jeke zija, mpata wa kumwamba ukusintha mbali ya dalaivala, ndiye ma sill ndiwo ayambe ndikangomaliza kuyeza injini. Funso latsala: ntchito itenga miyezi, dzinja likubwera. Chitsulo chomwe ndapala mpaka kuyera ndichipake chiyani kuti chidikire penti?

MalumeWotcherera

Epoxy primer ya magawo awiri, makoti awiri, tsiku lomwelo lomwe mwapala. Primer wamba wotuwa uja amamwa chinyezi, dzimbiri limamera pansi pake penti isanafike. Palani ndi sandipepa ya 80, pukutani ndi degreaser, ndipo musagwire chitsulo ndi manja opanda magulovu. Musapale galimoto yonse pakamodzi, panelo imodzi imodzi. Filler ibwere pamwamba pa epoxy, yopyapyala, yosapitirira mamilimita awiri kapena atatu. Kompuresa yanu yaing'onoyo ikwanira primer ya panelo imodzi mukaika water trap pa paipi ndi kukhuthula thanki yake m'mawa uliwonse.

Penti yomaliza ya 2K musapopere m'galaja ya pakhomo. Hardener yake ili ndi isocyanate yomwe imawononga mapapo, ndipo kamasiki ka fumbi sikaletsa kanthu, pamafunika masiki yolandira mpweya kuchokera kunja. Konzani bodi mpaka primer, muikepo zitseko, boneti ndi buti, mipata ikhale yofanana, kenako muipereke kwa omwe ali ndi booth, chipinda chopoperamo penti.