Kodi mchimwene wanga adzatuluka liti m'ndende?

Mlongo wa ku Machinga
Mchimwene wanga anagamulidwa ndi khoti la majisitireti kuti akakhale kundende zaka 6, atakhala kale pa rimandi miyezi 8. Kumudzi kuno anthu akuti kundende usana ndi usiku amaziwerenga ngati masiku awiri, choncho adzatuluka pakatha zaka 3. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga miyezi ya rimandi ija imapita kuti?

Mkulu wa ku Zomba
Achemwali, za usana ndi usikuzo ndi mphekesera chabe. Chimene chilipo n'chakuti mkaidi amene wagamulidwa kupitirira mwezi umodzi, akamagwira bwino ntchito ndiponso kusunga mwambo, amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, kotero kuti wa zaka 6 amatuluka pakatha zaka 4. Dziwani kuti masikuwa amatha kulandidwa: mkaidi akamenyana ndi anzake kapena akapezeka ndi zinthu zoletsedwa, akuluakulu a ndende angamubwezere ena mwa masiku amene anachotseredwa. Wogamulidwa moyo wake wonse sawerengeredwa motere.

Mayi a ku Area 25
Za rimandi zimadalira mawu a chigamulo. Nthawi zambiri makhoti amalamula kuti chilango chiyambe kuwerengedwa kuchokera tsiku limene munthu anamangidwa, koma musangoganizira. Pitani kukhoti kumene mlandu unazengedwa mukaone zimene zinalembedwa, chifukwa a ndende amatsatira chikalata chochokera kukhoti, osati zonena za abale. Mukaonenso ngati milandu inali ingapo, pakuti zilango zimatha kuyendera limodzi kapena motsatizana. Komanso chilango chachikulu chotere chimakaunikidwanso ndi khoti lalikulu, lomwe lingachichepetse, kuchisiya chomwecho, ngakhale kuchiwonjezera.

Mlongo wa ku Machinga
Zikomo kwambiri, mayi ndi bambo. Nanga chikhululukiro cha pa 6 Julaye?

Mkulu wa ku Zomba
Chimenecho musachiike pa mawerengedwe anu. Gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu zokhululukira akaidi, mothandizana ndi komiti yomulangiza, ndipo kawirikawiri zimachitika pa ufulu wodzilamulira, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, mwa zina pofuna kuchepetsa kuthithikana ku Maula, ku Chichiri ndi ku Zomba. Amene amaganiziridwa kwambiri ndi okalamba, odwala, ndi a milandu ing'onoing'ono amene agwira kale gawo lalikulu la ukaidi wawo. Mlandu wa mchimwene wanu ndi wotani, ndipo anamangidwa mwezi uti?