Amfumu avomera kafukufuku wanga, kodi basi ndiyambe?

Namwino wa ku Katete: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufuna kufufuza chifukwa chake amayi oyembekezera ena samaliza kumwa Fansidar wa kusikelo, mankhwala oteteza ku malungo. Zimandipweteka kuona mayi atagonekedwa ndi malungo, mankhwala alipo. Amfumu avomera kale. Kodi chilolezo chawo nchokwanira? Nanga ndalama ndingazipeze kuti?

Mphunzitsi wa ku Chipata: Mwachita bwino kuyambira kwa amfumu, amayi, koma sizithera pamenepo. Pulani yanu iyambe yaunikidwa ndi komiti yoteteza anthu ofufuzidwa, monga UNZABREC ya ku yunivesite ya Zambia ku Lusaka, kenako mupemphe chilolezo ku National Health Research Authority, bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, monga likunenera lamulo la Zambia la 2013. Musafunse munthu zilolezozi zisanatuluke.

Mzamba wopuma ntchito: Mwanangu, mayi aliyense avomere yekha, osati kudzera mwa amfumu kapena amuna ake. Fomu ikhale m'Chinyanja. Wosadziwa kulemba mumuwerengere, adinde chala, mboni ilipo. Ndipo muvule yunifolomu pofunsa. Akakuonani ndinu anesi, adzaopa kuti akakana simudzawalandira bwino pobereka.

Mphunzitsi wa ku Chipata: Za ndalama, yang'anani TDR ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi EDCTP, mabungwe othandiza kafukufuku wa matenda ndi ndalama. Mpikisano ndi waukulu, choncho pezani mphunzitsi wa kuyunivesite mulembere limodzi.

Namwino wa ku Katete: Zikomo kwambiri. Mafunsowo ndipempha munthu wina wosagwira ntchito kusikelo azikafunsa.