Ma spore a Bacillus pa makina a flow cytometry: manambala akusiyana ndi a m'mbale

Wophunzira wa ku Bunda:

Moni nonse akuluakulu. Ndikuchita kafukufuku pa mabakiteriya a Bacillus subtilis, ndipo ndaloledwa kugwiritsa ntchito makina a flow cytometry (owerenga maselo limodzilimodzi akamadutsa pa kuwala kwa laser) a mu labotale ina muno mu Lilongwe, omwe ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yowerenga maselo a CD4. Ndikufuna kudziwa kuchuluka kwa ma spore (timatupi tolimba timene mabakiteriyawa amapanga kuti apirire nthawi yovuta) mu mililita imodzi, komanso kuona ngati puloteni imene tinalumikiza ku CotB, imodzi mwa mapuloteni a chikhungwa cha spore, ikuonekeradi kunja kwa chikhungwa cha spore. Chikundisautsa ndi chakuti nambala ya makina ikuposa kutali imene ndikupeza ndikawerenga makoloni (timagulu ta mabakiteriya omera) m'mbale za agar nditatenthetsa sampulo pa 80°C kwa mphindi 10, ndipo chubu cha buffer yekha (madzi amchere osungunuliramo sampulo) chikuonetsanso timadontho tambirimbiri pa sikirini. Utoto wa SYTO 9, umene umawala ukamatirira ku DNA, nawo ukuwala mofooka. Kodi ndikhulupirire nambala iti?

Wa m'labu ku Area 33:

Achimwene, pakali pano musakhulupirire iliyonse. Makinawo sadziwa spore. Amangolemba chilichonse chimene chadutsa pa laser ndi kumwaza kuwala kopitirira malire amene munthu anaika. Selo la CD4 limakula ma micron 7 kapena kuposerapo, pamene spore ya B. subtilis ndi pafupifupi micron imodzi m'litali, choncho mukatsitsa malirewo (threshold) kuti muione mumalowa m'dera la fumbi, timchere ta mu buffer, tithovu ta mpweya ndi phokoso la makina enieniwo. Timadontho ta mu chubu chopanda kanthu tikuchokera kumeneko.

Sefani sheath (madzi oyendetsa sampulo m'makina) ndi buffer yense pa sefa ya 0.22 micron tsiku lomwelo, makamaka nyengo ya fumbi. Ikani FSC (kuwala komwazikira kutsogolo) ndi SSC (komwazikira cham'mbali) pa sikelo ya log, ndipo threshold ikhale pa SSC, chifukwa pa tinthu tating'ono chotere SSC imalekanitsa bwino kuposa FSC. Yambani ndi buffer yekha, muone pamene phokoso lakhala, kenako mulowetse ma spore oyeretsedwa amene mwawatsimikiza kale pa maikulosikopu ya phase contrast kuti akuwala mbee.

Za kuwerenga, ngati makina anu sayeza okha kuchuluka kwa madzi amene ayamwa, mufunika timikanda towerengera, monga mmene timachitira ndi machubu a Trucount pa CD4. Mugawa timadontho ta ma spore ndi timadontho ta timikanda, muchulukitsa ndi chiwerengero cha timikanda mu chubu, kenako mugawa ndi kuchuluka kwa sampulo. Chinanso, sukulutsani sampulo kangapo motsatizana. Mukasukulutsa ndi buffer wochuluka mofanana ndi sampuloyo nambala iyenera kutsika ndi theka; ikapanda kutero ndiye kuti mwina ma spore akudutsa pa laser awiriawiri ndipo makina akuwayesa chinthu chimodzi. Ine ndimayamba ndi ma spore pafupifupi miliyoni imodzi mu mililita ndipo ndimayendetsa makina pa liwiro lotsika.

Mayi mphunzitsi wa microbiology:

Ndikugwirizana ndi zimene bambo a m'labu anena, koma ngakhale phokoso litatha manambala awiriwo sadzafanana ndendende, chifukwa njira ziwirizi sizikuyeza chinthu chimodzi. Mbale imawerenga zokhazo zimene zapirira kutentha, zamera ndi kupanga koloni, ndipo ma spore asanu omatana amapanga koloni imodzi. Makina amawerenga amoyo, akufa, ogona amene sanamere pa agar imeneyo, ngakhalenso zidutswa za maselo amene anaphulika potulutsa spore. Kathiridwe ka Tween 20 (mankhwala onga sopo) pang'ono, monga 0.05 peresenti, kamachepetsa kumatana. Ngati mukufuna woweruza wachitatu, werengani ndi maso pa maikulosikopu mu chamber ya Petroff-Hausser, kagalasi ka mizere kowerengera mabakiteriya. Ndi ntchito yotopetsa, koma imakuuzani mbali imene yasokera.

Kufooka kwa utoto sikukusonyeza kuti china chalakwika. Spore yogona ili ndi madzi ochepa m'kati, DNA yake ndi yokutidwa ndi timapuloteni totchedwa SASP, ndipo zikhungwa zake sizilola utoto kulowa, kotero umangokhala kunja ndi kuwala pang'ono. Ikayamba kumera utoto umalowa ndipo kuwala kumakwera kwambiri, n'chifukwa chake ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito utoto wa SYTO 16 posiyanitsa yogona ndi yomera. Ma spore anu atawala kwambiri ndikanakufunsani ngati sanamere mu chubu.

Pa nkhani ya CotB mwasankha njira yodziwika, pakuti gulu la Isticato ku Naples linaonetsa mu 2001 kuti chidutswa cha poizoni wa kafumbata chingathe kuonekera kunja kwa spore chikalumikizidwa ku puloteni imeneyi. Msampha uli pa kuwala kwachinyengo. Chikhungwa cha spore chimawala chokha, makamaka pa njira yobiriwira ya utoto wa FITC, ndipo chimamata mwachisawawa ma antibody, omwe ndi mapuloteni ozindikirira puloteni yanu. Motero simungachite popanda machubu anayi awa: ma spore opanda utoto uliwonse, ma spore okhala ndi secondary antibody yekha (wachiwiri, wonyamula utoto, amene amagwira antibody woyamba), ma spore a mtundu wa makolo wopanda puloteni yanu koma opatsidwa ma antibody onse awiri, ndi sampulo yeniyeniyo. Chubu chachitatucho ndicho chofunika koposa, ndipo chisankho chanu chichokere pa kusiyana kwa icho ndi sampulo. Tsekani malo omata ndi puloteni ya BSA musanaike antibody, tsukani katatu, ndipo ngati makina ali ndi laser yofiira sankhani utoto wonga APC.

Dokotala wa ziweto:

Langa ndi chenjezo chabe. Sipiriti wa 70 peresenti sapha ma spore, ndipo makinawo mawa lake alandira magazi a odwala. Mukamaliza yendetsani klorini wosukulutsa gawo limodzi m'magawo khumi kwa mphindi zingapo, kenako madzi osefedwa. B. subtilis si yoopsa, koma pasapezeke wotengera njirayi pa sampulo za dothi kapena za nyama yofa mwadzidzidzi. Anthrax ilipo m'dziko muno, monga tinaonera pa mvuu za ku Liwonde mu 2018, ndipo B. anthracis, bakiteriya yoyambitsa matendawa, siyenera kufika pa makina otere.

Wophunzira wa ku Bunda:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, funso langa lotsala ndi ili: poyeretsa ma spore ndimagwiritsa ntchito lysozyme kuti ndichotse maselo otsala. Kodi zimenezi zingasokoneze puloteni ya kunja?

Mayi mphunzitsi wa microbiology:

Lysozyme imadya peptidoglycan, chinthu chomanga khoma la selo la bakiteriya, osati puloteni, ndipo spore ya chikhungwa chathunthu imaipirira. Zimene ndingaope ndi ma protease, odya mapuloteni, amene amatuluka maselo akamaphulika, komanso kutsuka ndi SDS (sopo wamphamvu wa m'labu) kapena mchere wambiri, zimene zingathe kuyalula mapuloteni akunja. Gawani sampulo pawiri: ina muyeretse monga mwa nthawi zonse, ina mungoitsuka kangapo ndi madzi ozizira osefedwa, ndipo muyerekeze kuwala kwake tsiku limodzi popanda kusintha ma voltage. Sampulo imene mukayeze ndi antibody musaitenthetse pa 80°C. Kutenthetsako kukhale kwa mbale zokha.