Mnyamata wanga akufuna kukawedza holide ino, tiyambire kuti?

Atate ake Chiko, ku Chelstone:

Abale anga, ndigaireni nzeru. Mnyamata wanga ali mu Giredi 6, ndipo chionereni pa foni anthu akukoka mcheni ku Chirundu sakundipatsa mpata wopuma. Akuti sukulu ikangotsekera mu Disembala tikawedze. Ine ndinakulira ku Chipata, kuwedza kwanga kunali kwa timilamba ta m'dambo ndi kandodo ka nsungwi basi, zida za masiku ano sindizidziwa. Ndigule chiyani choyambira, nanga tipite kuti kufupi ndi Lusaka? Mnzanga wina kuntchito akuti pa mlatho wa Kafue, winanso akuti Disembala boma limatseka. Kodi chiletsocho chimagwira ngakhale munthu wa mbedza imodzi amene ali ndi kamwana kake?

Agogo a ku Kafue:

Mwana wanga, wachiwiriyo ndiye wakuuzani zoona. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale, mu Kafue simuloledwa kugwira nsomba, ndipo musadalire zoti mukawauza a Fisheries kuti mbedza ndi imodzi akumverani chisoni. Lamulo lake ndi Fisheries Act ya 2011. Ofesi yawo yaikulu ili ku Chilanga, pamseu womwewo wopita ku Kafue, ndiye patukirani pamenepo mufunse za laisensi ya owedza.

Chifukwa chake mwanayo mumuuze bwinobwino, osangoti boma laletsa. Mvula ikagwa madzi amasefukira m'madambo a Kafue Flats, nsomba n'kulowa mu udzu kukaswa. Bulimu yaimuna imakumba kambale mumchenga, yaikazi n'kuikira mazira momwemo, kenako n'kuwatola kuwasunga m'kamwa mpaka tiana titayamba kusambira. Mukakoka mayi ameneyo, tiana tonse timalavulidwira m'manja mwanu. Ine ndinaziona zimenezo ndili mnyamata, sizikoma kuona.

Holide ino mutengereni ku madamu a eni ake, kumene amaweta nsomba ndipo mumalipira pakhomo. Ku Kalimba kuja kosunga ng'ona kuli madamu otero, ndipo kwa inu a ku Chelstone si kutali. Mwana wophunzira amafunika pamalo poti nsomba idye msanga, apo ayi akatopa ndi dzuwa sadzafunanso.

Zida musaononge ndalama. Kandodo kafupi kokhala ndi rilu yaing'ono, twaini woonda, mbedza zing'onozing'ono, kamtovu kamodzi. Choyandama dulani ku patapata yakutha. Nyongolotsi kumbani kuseri kwa bafa kapena pansi pa nthochi, muziike m'chitini ndi dothi lonyowa. Poveka, nyongolotsi ibise mbedza koma kamchira katsale kakugwedera. Choyandama chikangovinavina, mwana asakoke, imeneyo ikulawa chabe. Adikire chimire.

Za mcheni aiwale kaye. Mano ake amadula twaini kamodzi n'kamodzi, pamafunika waya kutsogolo kwa mbedza, ndipo imadya bwino nyengo yotentha, Seputembala mpaka Novembala.

Wa ku Matero:

Agogo, ulemu wanu, za zida mwanena zoona zokhazokha. Koma kunena kuti ife a mbedza ndife tikumaliza nsomba, ayi ndakana. Pitani m'makampu a asodzi muone maneti a udzudzu atasokedwa pamodzi kukhala khoka lalitali, akukokolola ndi tiana tosakwana chala. Maukonde a pulasitiki aja akang'ambika amangotayidwa m'madzi, n'kumapitiriza kupha okha. Nanga mu Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, asidi n'kutsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zoyandama zija anapha ndi munthu wa mbedza? Mpaka ku Kitwe anatseka madzi. Mtsinje womwewo ndi umene ife a Lusaka timamwa.

Pali zinanso zimene chiletso sichingakonze. Bulimu ya ku Nile inathawa m'madamu oweta, ikuswana ndi bulimu yathu ya madontho atatu, moti yeniyeni ya Kafue ikusowa. Nkhanu zija za ku Australia nazo zadzaza, ukaponya nyongolotsi pansi zimayamba ndi izo kudya.

Achimwene, ngati thumba likulola, pitani ku Siavonga. Ku Kariba chiletso cha Disembala sichifikako. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, koma mwana akaonanso khoma la damu ndi magetsi a asodzi a kapenta usiku.

Amake Tamara, ogulitsa nsomba ku Soweto:

Inu a ku Matero, agogo sananene kuti ndinu mukumaliza nsomba, werenganinso. Ine chiletso chimandipweteka kuposa nonsenu, chifukwa miyezi itatu imeneyo ndimadalira nsomba zoweta zokha, ndipo ukapezeka pa rodibuloko ndi nsomba zopanda pepala losonyeza kumene zachokera, amalanda dengu lonse. Komabe ndimachifuna. Bulimu imene amayi anga ankagulitsa inkadzaza mbale yokha, lero za mumtsinje zimabwera zonga chikhatho. Mukamulola wa mbedza imodzi, mawa aliyense wa khoka adzanyamula kandodo kuti aoneke ngati wongocheza.

Atate ake Chiko, langa ndi limodzi. Malichi ikafika n'kupita ku Kafue, mwana asaime m'madzi kapena kukhala pamphepete penipeni, ndipo musatumbulire nsomba pamalo pomwe mukuwedzapo. Ng'ona za mmenemo si nthano. Mukamva mvuu ikufwenthera m'bango, nyamulani zanu musunthe.

Atate ake Chiko:

Zikomo nonse. Siavonga chaka chino yandikulira, ndiye tiyamba ndi ku madamu, Kafue tidzaiona mu Malichi. Agogo, funso lina: tikagwira kakang'ono n'kufuna kukabweza, kamapulumuka? Mnyamatayu ndikumudziwa, adzalira kuti tipite nako kunyumba akaonetse amake.

Agogo a ku Kafue:

Kamapulumuka mukachita changu. Nyowetsani manja musanakagwire, musalowetse zala m'makha, chotsani mbedza ndi kapulayazi. Mbedza ikamezedwa mpaka m'mimba musalimbane nayo, dulani twaini. Mukaike m'madzi pang'onopang'ono, osaponya. Kumunsi kwa Chirundu, mu Lower Zambezi National Park, ngakhale mcheni waukulu amaubweza, ndi lamulo la kumeneko. Za amake, mujambuleni pa foni ali nako m'manja. Yoyamba yaikulu yokha apite nayo, ndipo akaipale mamba yekha.